Moto wa Firiji ya a Efraimu

A Efraimu anafika ku Mbamba Bay, kutsidya kwa nyanja, kuchokera ku Malawi ndevu zisanamere, ndipo kwa zaka makumi anayi ankawamba nsomba n'kumakagulitsa kumtunda. M'zaka za ujamaa, ndale zoti chuma chikhale cha onse, pamene ochita malonda paokha ankayang'anidwa ndi diso lofiira, mwayi unawagwera. Kampani ina ya zakumwa za m'mabotolo ya ku Songea inawalola kutsegula duka, kasitolo kakang'ono, m'dzina lake, n'kuwabwereka chikwangwani, makreti ndi firiji yoyendera parafini. Lamulo linali limodzi basi: wogulitsa m'dukamo akaphunzire ku Songea masiku asanu ndi limodzi mwezi usanathe, apo ayi katundu yense abwerere kwa eni ake.

Wogulitsayo anali mlamu wawo Agripina, mayi wamasiye wa ana atatu.

"Alamu, kalata ija ikuti ndinyamuke Lolemba," anatero Agripina m'mawa wina akupukuta mabotolo.

"Mukaphunzire chiyani? Kutsegula botolo? Ngakhale chidakwa chimatsegula ndi mano."

"Akuti za firijiyi. Ine moto wakewu sindikuumvetsa."

"Moto? Ine ndakalambira pamoto, mayi. Zimenezo ndidziwa kale. Simupita kulikonse."

Munthu wouma mutu amapsetsa mtima, koma wouma mutu amene akudziwa chinthu chimodzi bwino amaposa onse. Firiji ya parafini imafuna kalawi kakang'ono kobiriwira, chingwe chodulidwa bwino, mpopi wa utsi wosesedwa, ndiponso kuima mowongoka. A Efraimu anaiimika pansi popendekeka, n'kuiweruza ngati thandala lowambira nsomba: moto ukachuluka, ntchito ifulumira. Zakumwa zikapanda kuzizira ankakweza chingwe. Lawi linasanduka lachikasu, mwaye unadetsa khoma lonse, iwo n'kumakwezabe. Agripina anachonderera kawiri konse, mpaka anapeza mnzake woti amugwirire duka masiku amenewo. A Efraimu anangomunena kuti akungofuna kukaona tawuni.

Tsiku la chikondwerero cha Saba Saba anthu anadzaza bwalo, ena ochokera ku Lipingo, ena ku Ndumbi. Ambiri anali asanalawepo chakumwa chozizira, ndipo anaima pamzere dzuwa likuswa mtengo. A Method, msodzi wa pakamwa posasunga mawu, anamwa kamodzi n'kulavula.

"Ndugu, mbale wanga, mwatigulitsa soda kapena tiyi? Bwanji osatipatsa ndi chitumbuwa chomwe?"

Anthu anafa nacho chiseko, mzere n'kubalalika. Manyazi a munthu wodzikuza sakhalitsa, amasanduka ukali, ndipo ukaliwo umagwera wosalakwa. A Efraimu anatembenukira kwa mlamu wawo pamaso pa anthu onsewo.

"Mwaiwononga ndinu ndi manja anu aulesiwo. Tulukani, ndisakuoneninso muno."

Agripina anavula epuloni, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika pa kreti. Misozi inalengeza m'maso mwake. "Ndinakupemphani kuti ndikaphunzire, alamu. Mulungu anamva."

Patatha masiku anayi kunafika a Herman, woyendera maduka wa kampani ija. Sanafunse za malonda. Anafunsa satifiketi ya wogulitsa.

"Ndinamuphunzitsa ndekha, bwana. Koma firiji yanuyi ndi yakufa."

A Herman anagwada, n'kuzimitsa lawi. Anasolola mwaye wodzaza manja awiri mumpopi, anadula chingwe, anaika kathabwa pansi pa mwendo umodzi, n'kuyatsanso kalawi kochepa ngati njere ya chimanga. Kenako anakhala pakhonde kudikira. Pofika masana, khoma la m'kati mwa firiji linali litayamba kuchita chisanu, ndipo a Herman anagwira dzanja la a Efraimu n'kuligunditsa pamenepo.

"Izi timaphunzitsa tsiku loyamba, mzee, tisanamwe n'tiyi yemwe. Mwezi watha, lamulo mwaliphwanya."

A Efraimu anachonderera, anatchula ukalamba wawo, analonjeza kutumiza munthu mawa lomwe. Munthu wake uti? Yekhayo amene anali wokonzeka anali atamuthamangitsa ngati galu wakuba. Firiji, makreti ndi chikwangwani zinakwezedwa pa lole kupita ku duka la ujamaa la ku Liparamba, ndipo komiti ya kumeneko inalemba Agripina ntchito n'kumutumiza ku Songea sabata yomweyo.

A Efraimu anatsala m'chipinda chakuda ndi mwaye, atabwerera ku nsomba zawo msana utakana kale kuwerama. Chifundo chinawasowa pagombe ponse, pakuti aliyense anamva mmene ananyozera mayi wamasiye. Akuluakulu sananame: Ndidziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.