Mphonda Yonga Njoka ndi Dzina la Khanda

Kalekale, chaka chimene mvula inadula chimanga chisanamasule, kunali mayi wina dzina lake Nangondo. Mwana wake mmodzi yekhayo, Tionenji, atangobereka, thupi linatentha, maso anachita chikasu, m'mimba munamangika. Phala ankalavula. Mawere anauma, khanda nkumangolira mawu osatuluka. Nangondo anayesa mizu yonse imene ankaidziwa, koma ayi ndithu.

Anathamangira kwa mlongo wake, Mlauzi. Kuseri kwa nyumba yake kunkayanga mphonda yachilendo, yaitali, yamizeremizere, yopindika ngati njoka. Mbewu zake Mlauzi anachita kusinthanitsa ndi bulangete lake ali kuntchito kudziko lakutali, atamva eni dzikolo akuti imaziziritsa thupi, imamasula m'mimba, ndipo wodwala amaidya osavutika. Koma itabala, anthu poona kuti ikunga njoka anamutcha mfiti, ndipo iye mwini sanailawepo.

"Mlongo wanga, ndinangomva," anatero Mlauzi. "Akafa mwanayo, mudzi uno undiotcha."

Mphondayo ikanauma kalekale pakanapanda mkazi wake, Nasimango. Zitsime zitaphwa, iye ankaithirira madzi ake akumwa, milomo yake ikung'ambika. Amuna atabwera ndi zikwanje kuti aiduledule, anaima patsogolo pake nati, "Yambani ine." Tsono ndiye anathyola mphonda zanthete, naziika m'manja mwa Nangondo.

Nangondo anaphika mpaka zinafewa. Akulowa nazo m'nyumba, pakhomo panaima asewere ake, a Nankhoma, amayi a mkamwini wake. Amenewa ndiwo aja anatuma amuna azikwanje.

"Asewere, mukufuna kundiphera mpongozi ndi mdzukulu yemwe?" anafunsa a Nankhoma.

"Akufa kale, asewere. Patukani."

A Nankhoma anamva kubuula kwa Tionenji m'katimo. Analanda mbale ya mphondazo. "Ngati ndi poizoni, atenge ine wokalambane." Anadya, namwa ndi msuzi womwe, nakhala pansi kudikira imfa. Nangondo anangoti maso tong'o pa iwo. Dzuwa linapendeka, mayiwo ali gwa. Atatero ananyamuka nakamwetsa mpongozi wawo ndi manja awo.

Pang'onopang'ono thupi la Tionenji linazizira, m'mimba munamasuka, anayamba kupempha chakudya, mkaka unabwera. Khanda linayamwa.

Tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, Tionenji anati, "Amayi, dzina amutche amene anatipulumutsa." Atatu aja anatambasula manja pamodzi.

"Mbewu inabwera ndi ine," anatero Mlauzi.

"Mbewu popanda madzi anga?" anafunsa Nasimango.

A Nankhoma anangoti, "Nonsenu munkaiopa. Anadya ndani?"

Nangondo anaima pakati pawo khanda lili m'manja. Mlongo wake anatukwanidwa koma sanalawe. Mlamu wake anapirira ludzu koma sankadziwa ngati ndi mankhwala. Asewere ake anapereka moyo wawo, koma ndiwonso ankafuna kuiwononga mphondayo.

Nanga inu mukanakhala Nangondo, khandalo mukanalipereka m'manja mwa yani kuti alitche dzina?